Romare Bearden: mmisiri amene anamanga Harlem ndi sizasi ndi guluu

M'mwezi wa July 1963, kutentha kuli pachimake mumzinda wa New York, amisiri akuda ojambula zithunzi anasonkhana m'chipinda chogwiriramo ntchito cha mnzawo wina pa Canal Street. Chimene chinawaitanitsa chinali ulendo wa ku Washington, chionetsero chachikulu chomenyera ufulu wa anthu akuda chimene chinkakonzedwa kuti chichitike pa 28 August. Poyamba nkhani inali ya mayendedwe chabe, koma posakhalitsa inafika pamene panali poŵaŵa penipeni. Miyezi iŵiri m'mbuyomo dziko lonse linali litaona zithunzi za agalu a polisi akuluma ana asukulu ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama. Nanga munthu amene ntchito yake ndi bulashi ndi penti achite chiyani zinthu zikafika potere? Azijambula agaluwo? Kapena apitirize ntchito yake monga kale, ngati kuti kunja kuli zii?

Gululo linadzitcha Spiral, dzina limene anabwera nalo Hale Woodruff. Munali akuluakulu monga Norman Lewis ndi Charles Alston, ocheperako zaka monga Reginald Gammon ndi Richard Mayhew, komanso mkazi mmodzi yekha, Emma Amos. Ankakumana sabata ndi sabata, n'kumakangana mpaka usiku ngati kulidi chinthu chotchedwa luso la munthu wakuda, ndipo sanagwirizanepo chimodzi. Mwini chipinda cha pa Canal Street, Romare Bearden, amene panthawiyo anali ndi zaka 51, anaganiza zoti mwina mkangano ungathe atagwira ntchito imodzi onse pamodzi. Tsiku lina anatulukira ndi thumba lodzaza zidutswa za zithunzi zimene anadula m'magazini: maso, zala, njerwa, zipewa, mazenera. Anati azimate pa bolodi limodzi kuti apange chithunzi cha gulu. Anzake anaziyang'ana, chidwi osaoneka, nkhani n'kuthera pomwepo. Bearden anatola zidutswa zake n'kuyamba kuzimata yekha.

Lero dzina lake likatchulidwa anthu amakumbukira zomatamatazo, luso lotchedwa collage, moti ena amaganiza kuti ndi zimene anachita moyo wake wonse. Zoona zake n'zakuti anazipeza atatha zaka pafupifupi 30 akufufuza njira yake, akujambula usiku ndi masiku opuma chifukwa masana anali pa ntchito ya boma. Zaka 30 zimenezo ndi zimene zinachititsa kuti sizasi, imene mwana aliyense wa pulayimale angaigwire, ichite m'manja mwake zimene sinachite m'manja mwa wina aliyense.

Anabadwa pa 2 September 1911 ku Charlotte, m'boma la Mecklenburg, chigawo cha North Carolina. Banja lake silinali losauka. Makolo a agogo ake, a Henry ndi a Rosa Kennedy, anali anthu olemekezeka okhala ndi nyumba ndi golosale pafupi ndi njanji. Koma kum'mwera kwa America m'masiku amenewo ulemu wa munthu wakuda unkathera pakhomo pake. Malamulo a tsankho otchedwa Jim Crow ankamuuza pokhala m'sitima, pomwera madzi, ndi sukulu yopitako mwana wake. Romare anabadwa woyera khungu kwambiri, watsitsi loyererako, pamene bambo ake a Howard anali oderapo. Olemba mbiri yake amasimba kuti tsiku lina azungu ena anawazungulira bambowo m'tauni powaganizira kuti aba mwana wa mzungu. Cha m'ma 1914 banjalo linakwera sitima kulowera kumpoto, m'gulu loyambirira la anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni amene anachoka kum'mwera pakati pa zaka za m'ma 1910 ndi 1970.

Anakhazikika ku Harlem, mumzinda wa New York, ndipo mayi ake, a Bessye Bearden, sanachedwe kudziwika. Ankalembera nyuzipepala ya Chicago Defender nkhani za ku New York, analowa ndale za chipani cha Democratic, ndipo pakhomo pawo sipankatha alendo. Duke Ellington, Fats Waller, Langston Hughes, W. E. B. Du Bois, onsewa mwana uja anawaona ali pabalaza pa makolo ake, ena akuseweretsa piyano. Munthu wokulira m'nyumba yotere sangakhulupirire bodza loti anthu akuda alibe mbiri kapena luso, ngakhale litalembedwa m'buku la kusukulu.

Komabe zimene zinamulowa m'mafupa zinali za ku Pittsburgh, mzinda wa mafakitale a zitsulo, kumene anakhala zaka zingapo ndi agogo ake akuchikazi. Agogowo ankasunga nyumba yogonamo anthu olipira, pafupi ndi mafakitalewo, ndipo ambiri mwa ogonamo anali amuna ongofika kumene kuchokera kuminda ya thonje. Bearden atakula ankasimba za amuna amenewa: kulawira m'bandakucha atanyamula zitini za chakudya chamasana, kubwera madzulo misana itawauka ndi moto wa ng'anjo, agogo ake n'kumawapaka mafuta a koko kuti ululu uchepe. Komweko anapalana ubwenzi ndi mnyamata wina wolumala dzina lake Eugene, amene ankakhala ndi mayi ake m'nyumba ya mahule ndipo ankajambula pa mapepala okulungira katundu zimene ankaona posuzumira m'ming'alu ya matabwa apansi. Eugene ndi amene anamuphunzitsa kujambula. Agogo aja ataona zithunzizo anaziponya pamoto, kenako anapita kukamutenga mwanayo kuti azikhala nawo. Sanakhalitse, anamwalira akadali wamng'ono. Patapita zaka zoposa 50, mu 1978, Bearden anapanga chithunzi cha maliro ake n'kuchitcha Farewell Eugene.

Anamaliza sekondale ku Peabody High School ku Pittsburgh mu 1929, n'kudutsa ku Lincoln University ndi Boston University asanakamalize digiri ya zamaphunziro ku New York University mu 1935. Ku Boston anali katswiri woponya mpira wa baseball, ndipo pali nkhani imene imakambidwa kawirikawiri yoti timu ya Philadelphia Athletics inamulonjeza malo ngati angavomere kumadzitcha mzungu, iye n'kukana. Kwa zaka ziŵiri ankajambulira makatuni a ndale nyuzipepala ya Baltimore Afro-American. Madzulo ankaphunzira ku Art Students League pansi pa George Grosz, Mjeremani amene anachoka kwawo chipani cha Nazi chikutenga boma. Grosz anamukankhira kwa akatswiri akale monga Bruegel, Goya ndi Daumier. N'zochititsanso chidwi kuti Grosz yemweyo, ali mnyamata ku Berlin, anali m'gulu la amisiri amene ankadula zithunzi za m'nyuzipepala n'kuzimata pofuna kunyoza olamulira. Wophunzira wake anadzaitola njira imeneyo patatha zaka pafupifupi 30, ndipo sanaigwiritse ntchito ponyoza.

Chaka chomwecho cha 1935 analowa ntchito ku nthambi yoona za chisamaliro cha anthu mumzinda wa New York. Ntchito yake inali yoyendera mabanja ovutika, kukwera masitepe a nyumba zosanjikizana, kulowa m'makhitchini mwa anthu, kulemba za lendi yosalipidwa ndi ana odwala. Kwa zaka zambiri anapatsidwa udindo woyang'anira mabanja a anthu a mtundu wa Roma okhala mumzindamo. Kupatula nthawi ya nkhondo ndi miyezi imene anakhala ku Ulaya, ntchitoyi anaigwira mpaka 1969. Olemba za luso amakonda kuidumpha mbali imeneyi ngati kuti inali yongomuchedwetsa. Ine ndikuona mwina. Munthu amene anadzajambula mkati mwa zipinda za ku Harlem ngati kuti makoma ang'ambidwa anali atalowamo m'zipindamo kambirimbiri, atanyamula fayilo m'khwapa.

Zaka za m'ma 1940 zinayamba bwino. Anachita chionetsero chake choyamba mu 1940 ku Harlem, anabwereka chipinda pamwamba pa Apollo Theater pa 125th Street, ndipo kuyambira 1942 mpaka 1945 anali msilikali m'gulu la 372nd Infantry, la anthu akuda okhaokha popeza nawonso asilikali ankasankhidwa khungu. Atatuluka anajambula mndandanda wa zithunzi za masautso a Khristu, zimene zinaonetsedwa kwa Samuel Kootz, mmodzi mwa ogulitsa zithunzi otchuka a nthawiyo, ndipo Museum of Modern Art inagulapo chimodzi. Kenako mphepo inatembenuka. New York inatengeka ndi zithunzi zikuluzikulu zopanda munthu kapena chinthu chozindikirika, za anthu ngati Jackson Pollock, ndipo Bearden anapezeka alibe pogulitsira.

Mu 1950 anapita ku Paris ndi ndalama zimene boma linkapereka kwa asilikali opuma, n'kulembetsa maphunziro a filosofi ku Sorbonne. Anayenda, anacheza, anaona zambiri, koma kujambula ayi. Atabwerera kwawo anasiyiratu bulashi n'kuyamba kupeka nyimbo, poganiza kuti zimubweretsera ndalama zobwererera ku Paris. Imodzi, yotchedwa Seabreeze, inaimbidwa ndi Billy Eckstine komanso Dizzy Gillespie. Ndalama zinabwera pang'ono, mtendere osabwera. Chapakati pa zaka za m'ma 1950 anadwala matenda a maganizo mpaka kugonekedwa m'chipatala. Amene anamudzutsa anali mkazi wake Nanette Rohan, wovina, wa makolo ochokera pachilumba cha St. Martin, amene anakwatirana naye mu 1954. Mu 1956 anasamukira pa Canal Street, ndipo Bearden anayambiranso kujambula.

Pali chinthu china chimene anachita m'zaka zovutazo chimene chimafotokoza zonse zobwera pambuyo. Ankatenga zithunzi za akatswiri akale a ku Ulaya, a Giotto, Duccio, Rembrandt, Vermeer, Pieter de Hooch, n'kukazikulitsa pa makina ojambulira mapepala otchedwa photostat, amene ankatulutsa zakuda ndi zoyera zokha. Akatero ankazikopera ndi dzanja pa mapepala akuluakulu, n'kuikamo mitundu yakeyake. Sankafuna nkhope za oyera mtima kapena madiresi a akazi a ku Holland. Ankafuna mafupa a chithunzi: mmene de Hooch amagaŵira chipinda m'timabokosi, chitseko mkati mwa chitseko, kuwala kukuloŵa kuchokera kumbali. Anaphunziranso kalembedwe ndi kajambulidwe ka ku China kwa mwini sitolo ya mabuku wina wa Chitchaina, amene anamuonetsa kufunika kosiya malo opanda kanthu oti diso lipumirepo. Ndipo mnzake Stuart Davis, mzungu wojambula wokonda jazi, anamuuza kuti azimvetsera Earl Hines akuimba piyano, makamaka mipata imene amasiya pakati pa maliwu.

Ndiye pamene anakhala pansi ndi thumba la zidutswa lija mu 1963, sanali kuseŵera.

Zoyambazo zinali zazing'ono, zina zosaposa pepala la m'kope. Gammon ndi amene anapereka nzeru yoti azikulitse pa photostat. Bearden anatero, sanakhutire nazo kwenikweni, anazikulunga n'kuziika pambali. Arne Ekstrom, amene ankagulitsa zithunzi zopanda anthu zimene Bearden ankajambula panthawiyo, atabwera kudzaona ntchito yatsopano anafunsa za mipukutuyo, ndipo atayala ananena kuti chionetsero chotsatira chikhala chimenechi. Chinatsegulidwa mu October 1964 ku Cordier & Ekstrom pansi pa dzina lakuti Projections. Chaka chotsatira zithunzizo zinakaonetsedwa ku Corcoran Gallery ku Washington.

Tiyeni tiime pa chimodzi, The Dove, cha 1964, chimene chili ku Museum of Modern Art. N'chaching'ono, sichikwana theka la mita m'litali. Ukangochiona koyamba diso limasokonezeka: msewu wa ku Harlem wodzaza anthu, ena akhala pamasitepe, ena akusuzumira pazenera, ena akuyenda. Palibe munthu amene thupi lake lachokera pa chithunzi chimodzi. Mutu ndi waukulu kuposa chifuwa, chipewa chadulidwa kwina, diso limodzi likuyang'ana iwe pamene linzake likuyang'ana kumbali, zala zikuluzikulu zapanira ndudu imene siyenerana ndi mlomo woisuta. Pansi pali amphaka, ndipo pamwamba pa khomo lina patera nkhunda, imene ungathe mphindi zingapo usanaipeze. Ukayang'anitsitsa umazindikira kuti chipwirikiti chonsechi chagwiridwa ndi mizere ya njerwa, mafelemu a mazenera ndi zitsulo za pamasitepe, zoima ndi zopingasa, monga mmene de Hooch ankamangira mabwalo ake a ku Delft. Anthu akugwedezeka, nyumba sikugwedezeka. Ndipo mmene diso limadumphira kuchoka pa nkhope iyi kupita pa dzanja ilo ndi mmenedi munthu amaonera msewu wodzaza akamadutsamo, pang'onopang'ono, zidutswazidutswa, chapafupi chikukula, chakutali chikuchepa.

Kuti timvetse kulimba mtima kwa ntchitoyi tiyenera kukumbukira kumene zidutswazo zinkachokera. Magazini monga Life ndi Look, akajambula munthu wakuda, kawirikawiri ankamujambula ngati vuto: wosauka wa m'makhumbi, womenyedwa ndi polisi, wachiwawa. Ebony inkayankha poonetsa akuda opeza bwino, a masuti ndi magalimoto. Onse aŵiri ankanena mbali ya zoona, ndipo onse aŵiri ankamuphwatalitsa munthu. Bearden anatenga zithunzi zomwezo n'kuziloŵetsa sizasi. Nkhope imene wojambula wa magazini anaitola ngati umboni wa umphaŵi anaidula pakati, n'kuilumikiza ndi mphumi ya chiboliboli cha mkuwa cha ku Benin kapena mphuno ya chigoba chosemedwa kumadzulo kwa Africa. Zotsatira zake ndi nkhope imene sungaimvere chisoni mwachangu n'kutembenuza tsamba. Imakuyang'ana, ndipo ili ndi zaka mazanamazana kumbuyo kwake. Ralph Ellison, mlembi wa buku la Invisible Man, analemba za zithunzizi mu 1968 ndipo anayamikira mfundo yomweyi, kuti Bearden anakana kuwaona anthu ake ndi maso a akatswiri ofufuza za mavuto a anthu.

Apa ndi pamene anayankhira funso la Spiral lija, ngakhale sanaliyankhe mmene ena ankafunira. Agalu a ku Birmingham sanawajambule. Anajambula ubatizo wa mumtsinje, maliro, amayi akusamba m'beseni m'khitchini, amuna akuimba gitala, otchola thonje, ndi mayi wamankhwala amene anthu akumidzi ya kum'mwera ankapita kwa iye akadwala kapena chikondi chikavuta, amene iye anamutcha Conjur Woman. Zithunzi zambiri anazipatsa mutu umodzi, The Prevalence of Ritual, kutanthauza kuti miyambo siifa, imangosintha malo. Mu chithunzi cha ubatizo, dzanja lalikulu lili pamutu pa wobatizidwa amene nkhope yake yapangidwa ndi zidutswa za chigoba, ndipo chakumbuyo kukuoneka sitima. Sitimayo imabwerabwera m'ntchito yake yonse. Kwa anthu a ku Mecklenburg inali njira yothaŵira, inali wotchi ya mudzi, inalinso malire, popeza m'matauni ambiri a kum'mwera njanji ndi imene inkalekanitsa dera la azungu ndi la anthu akuda. M'zaka zimene achinyamata ankafuna zithunzi za zibakera zokwezedwa m'mwamba, ena akanatha kunena kuti mkuluyu akuzemba nkhondo. Koma kuuza dziko limene linkati anthu awa alibe chikhalidwe kuti ubatizo wawo ndi wolemera mofanana ndi wa m'zithunzi za m'matchalitchi a ku Italy, imeneyo inali ndale yokwanira.

Zinthu zitayamba kuyenda, zinayenda mofulumira. Mu 1968 anapanga zikuto za magazini a Fortune ndi Time. Mu 1969 anasiya ntchito ya boma ali ndi zaka pafupifupi 58, ndipo kwa nthawi yoyamba anatha kudya za luso lake lokha. Zithunzi zinakula ndipo mitundu inawala. Anayamba kumata nsalu, mapepala amene anawapaka yekha penti, ndi timapepala tonyezimira, pa matabwa olimba. Akamata ankapsinja ndi kachiguduli kuti pasatsale mpweya, kenako nthawi zina ankapala ndi sandipepa kapena kuthira mankhwala oyeretsera zovala kuti mtundu ufwifwe, chithunzi chioneke ngati khoma lakale.

Chaka chomwecho cha 1969, Metropolitan Museum of Art inatsegula chionetsero chotchedwa Harlem on My Mind, chonena za mbiri ya Harlem, chodzaza ndi zithunzi za kamera koma chopanda ntchito ya wojambula ndi bulashi kapena wosema aliyense wa ku Harlem komweko. Bearden anali mmodzi mwa amene anadzudzula poyera. Patangopita zaka ziŵiri anapanga The Block, chithunzi cha zigawo zisanu ndi chimodzi, chotalika mamita pafupifupi 5.5 ndi msinkhu wa mamita 1.2. Anachiyamba ali pazenera la nyumba ya mnzake, mlembi Albert Murray, akuyang'ana Lenox Avenue pakati pa 132nd Street ndi 133rd Street. Muli sitolo ya mowa, nyumba yokonzera maliro, tchalitchi, malo ometera tsitsi ndi golosale, zonse mondondozana monga zilili mumsewu. Makoma ena ndi otsegula: uku anthu aŵiri ali pachikondi, uku munthu wakhala yekha, uku ana ali pafupi ndi msampha wa makoswe waukulu kuposa iwo. Pansi bokosi la maliro likutuluka, pamwamba angelo akunyamula mzimu. Pochionetsa koyamba panali ndi tepi yoimba phokoso la mumsewu. Zimenezi zinachitika mu 1971 pa chionetsero chachikulu cha ntchito zake ku Museum of Modern Art. Lero The Block ndi chuma cha Metropolitan, nyumba yomwe ija imene inaiwala kuti ku Harlem kuli ojambula.

Si zonse za Bearden zimene zimakhala bwino m'maso a lero. Akazi amaliseche ndi ochuluka m'ntchito yake, ambiri akusamba kapena atagona, ndipo nthawi zambiri woonayo amaikidwa pamalo a munthu wosuzumira, ngati Eugene pa ming'alu ya matabwa. Patchwork Quilt, cha 1970, chikuonetsa mkazi atagona chafufumimba pa chofunda cha zigamba, thupi lake louma ngati chiboliboli cha ku Egypt, chofundacho chopangidwa ndi nsalu zenizeni. Ena amachiona ngati ulemu kwa amayi a kum'mwera amene ankasoka zofunda zotere kuchokera ku zovala zakutha, amene anali akatswiri a kudula ndi kulumikiza Bearden asanabadwe. Ena amafunsa chifukwa chake wosokayo wagonekedwa wamaliseche m'malo mokhala tsonga ndi singano m'manja. Funsoli ndi lomveka, ndipo kukongola kwa chithunzicho sikulichotsa.

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 iye ndi Nanette ankakhala miyezi ina ku St. Martin, ndipo nyanja ndi masamba a kumeneko zinaloŵa m'zithunzi zake. Mu 1977 anapanga zithunzi 20 za ulendo wa Odysseus, nthano yakale ya Agiriki, anthu onse ndi milungu yonse ali akuda, atadulidwa m'mapepala a mitundu yoŵala ngati a wojambula Matisse. Nthano ya munthu wosochera panyanja akufunafuna kwawo sinafunike kuimasulira kwa zidzukulu za anthu amene anaoloka Atlantic ali m'maunyolo. Chaka chomwecho Calvin Tomkins analemba mbiri yake m'magazini ya The New Yorker, ndipo kufunsidwa za ubwana wake kunamutsegula mutu. Anapanga mndandanda wa Profile, wa zikumbukiro za Mecklenburg, Pittsburgh ndi Harlem, chilichonse chili ndi mawu ochepa olembedwa pakhoma pambali pake. Tisaiwale kuti ku Charlotte anachokako ali ndi zaka zitatu, n'kumangobwerako kudzacheza, ndipo atapitanso ali wamkulu anapeza dera la makolo ake litagumulidwa. Mecklenburg ya m'zithunzizi ndi yomanga ndi tizidutswa ta zimene anaona, zimene anamva, ndi zimene analakalaka, ndipo mizere ya sizasi siibisa zimenezo.

Mmodzi mwa amene anaona ntchito zimenezi anali mlakatuli wachinyamata wa ku Pittsburgh, August Wilson. Chithunzi cha Mill Hand's Lunch Bucket, cha 1978, choonetsa m'nyumba ya agogo ija, mwamuna wina akutsika masitepe dzanja lake lalikulu likuloza chitini cha chakudya pamene wina wakhala patebulo atazyolika, chinabala seŵero la Joe Turner's Come and Gone. Wilson anafuna kudziŵa kuti wozyolikayo ndi ndani. Chithunzi china, The Piano Lesson, cha 1983, chinabala seŵero la dzina lomwelo limene linapata mphoto ya Pulitzer mu 1990. Aŵiriwa sanakumanepo. Wilson anasimba kuti anafikapo pakhomo la pa Canal Street koma analephera kulimba mtima kuti agogode.

Akanagogoda akanalandiridwa, chifukwa Bearden ankadziwika ndi kutsegulira achinyamata chitseko. Mu 1969, pamodzi ndi Norman Lewis ndi Ernest Crichlow, anakhazikitsa Cinque Gallery kuti ojambula achinyamata akuda apeze poonetsera ntchito zawo. Dzinalo ndi la Joseph Cinqué, kapena kuti Sengbe Pieh, wa mtundu wa Mende ku Sierra Leone, amene anatsogolera akapolo kuukira pa sitima ya pamadzi ya Amistad mu 1839. Anathandizanso pa kuyambika kwa Studio Museum in Harlem mu 1968. Analemba buku la The Painter's Mind ndi Carl Holty, lofotokoza mmene chithunzi chimamangidwira, ndipo ndi mtolankhani Harry Henderson anatha zaka zambiri akufukula mbiri ya ojambula akuda a ku America kuyambira 1792, ambiri mwa iwo oiwalika. Buku lalikululo linatuluka mu 1993, iye atapita kale.

Mu 1987 Pulezidenti Ronald Reagan anamupatsa National Medal of Arts. Anamwalira ku New York pa 12 March 1988 ndi khansa ya m'mafupa, ali ndi zaka 76. Mu 2003 National Gallery of Art ku Washington inachita chionetsero chachikulu cha ntchito zake, mu 2011 positi ofesi ya America inatulutsa masitampa a zithunzi zake, ndipo mu 2013 mzinda wa Charlotte, umene makolo ake anauthaŵa, unatsegula paki ya dzina lake.

Ku Pittsburgh nkhani inali yamtundu wina. Mu 1984 bungwe loyendetsa sitima za mumzindamo linamulipira madola 90,000 kuti apange chithunzi cha matailosi pakhoma la siteshoni ya pansi pa nthaka ya Gateway Center, chofotokoza mbiri ya mzindawo ndi mitsinje yake ndi ng'anjo zake. Kwa zaka zoposa 20 anthu ankachidutsa m'mawa ndi madzulo pothamangira sitima. Mu 2008, siteshoniyo ikuyembekezeka kugumulidwa, bungwelo linaitana akatswiri kuti anene mtengo wake, ndipo anati madola 15 miliyoni. Akuluakulu a bungwe, limene panthawiyo linali pa mavuto a zachuma, anadzidzimuka ndi ndalama za inshuwalansi, ndipo panamveka mawu oti mwina chiperekedwe kwa ena. Sichinachoke. Matailosi anachotsedwa limodzilimodzi, anatsukidwa ndi kukonzedwa, n'kumatidwanso pakhoma la siteshoni yatsopano imene inatsegulidwa mu 2012.